Filimu ya galu uja Hachi m'kalasi ya Chingelezi: mmene ine ndimachitira kuti isasanduke vidiyo sho

Aphunzitsi anzanga a Chingelezi, makamaka inu a m'masukulu oyendera ngati ine, angapo mwakhala mukundifunsa za filimu ya galu ija ndimaonetsa ana a Fomu 3, nde ndati ndingolemba kamodzi n'kamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi. Ine ndimaphunzitsa kuno ku Mzuzu, kalasi yanga chaka chino ili ndi ana 78, ambiri amachokera cha ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Zolozolo wapansi, kunyumba amalankhula Chitumbuka kapena Chichewa, Chingelezi amakumana nacho pageti pa sukulu n'kuchisiyanso pompo akamaweruka. Ngati kalasi yanu ili chonchi zimene ndilembezi zikuthandizani, ngati muli ndi ana 25 ndi TV ya pakhoma bola inu, tengani zokhazo zikukukomerani.

Ndiyambe ndi kuulula. Ulendo woyamba ndinalakwitsa zedi. Linali Lachisanu masana, ndatopa, ndinangobwereka pulojekita n'kuiyatsa filimu yonse kuyambira poyamba mpaka pothera, ana anaseka, ena analira, belu litalira aliyense ulendo kwawo. Lolemba ndawauza lembani zimene munaona, abale inu, mizere itatu itatu, wina anangolemba kuti galu anafa ndipo zinali zomvetsa chisoni, basi kompozishoni yatha. Ola limodzi ndi theka linapita m'madzi. Kuchokera pamenepo filimuyi sindiionetsanso yathunthu, ndimaidula ngati nzimbe, mfundo imodzi tsiku limodzi, ndipo imanditengera pafupifupi masabata awiri.

Kwa amene simunaionepo, dzina lake ndi Hachi: A Dog's Tale, inatuluka mu 2009, anaiwongolera ndi Lasse Hallström, ndipo bambo mwini galu amasewera ndi Richard Gere, mkazi wake ndi Joan Allen. Imatha mphindi 93. Nkhani yake ndi ya pulofesa wa nyimbo, Parker Wilson, yemwe akutola kamwana ka galu kosochera pa siteshoni ya sitima, galuyo akukula n'kuzolowera kumuperekeza ku siteshoni m'mawa ndi kukamuchingamira 5 koloko madzulo, kenako tsiku lina pulofesayo akugwa ali mkati mophunzitsa n'kumwalira, galu osadziwa kanthu akupitirizabe kukadikira pamalo omwewo zaka ndi zaka. Nkhani yonse ndi imeneyi basi, ilibe zipolopolo ilibe karate.

Chifukwa chimene ndinaisankhira si chisoni chakecho ayi. Ndi choti mwini filimu salankhula. Galu alibe mawu, amangoyang'ana, kupendeketsa mutu, kukhala pansi, nde mawu onse amene akusowawo oti awapereke ndi ana anu, m'Chingelezi. Mafilimu ena anthu amalankhula ngati mfuti moti mwana wa Fomu 3 amangogwira liwu limodzi pa khumi n'kutaya mtima, koma umu zokamba n'zochepa, amalankhula modekha, ndipo pali malo ataliatali oti palibe akuyankhula. Malo opanda mawuwo ndi munda wanu mphunzitsi. Mukagwira mfundo imeneyi zina zonsezi mukhoza kuzikonza nokha.

Zokonzekera. Ioneni nokha kaye kawiri muli ndi kope ndi cholembera, muzilemba miniti imene chinthu chachitika kuti m'kalasi musamafufuze uku ana akukuwa. Pezani ya Chingelezi chenicheni yokhala ndi ma subtitle a Chingelezi, chonde chonde osati zomasuliridwa m'Chichewa zija anyamata amaikira mawu awo pamwamba, zimasangalatsa inde koma pamenepo mwaphunzitsa Chichewa cha mtauni osati Chingelezi. Pa zipangizo, anthu amadandaula za pulojekita koma chenicheni ndi sipika. Chithunzi chikhale chozimiririka ana apirira, koma mawu akapanda kumveka kumbuyo phunziro lafa, ndipo mukudziwa mvula ya kuno ikayamba kumenya malata simumvana ngakhale ndi mwana wa desiki yoyamba, ndiye ngati mungathe ikani zimenezi teremu yachitatu mvula itachepa, ngakhale Mzuzu sachedwa kukuchititsa manyazi ndi kamvula ka mu June. Sipika ya Bluetooth yaikulu ija ya kutchalitchi kapena ya mnzanu wa ma kitchen top-up imakwana. Mawindo timatchinga ndi zitenje za atsikana, khoma likakhala lakuda ndi fumbi timapachika shiti yoyera pa bolodi ndi mapegi. Laputopu ndi sipika zikhale zodzadza moto kuyambira usiku, ndipo mukhale ndi ntchito yolemba m'thumba yoti magetsi akazima pakati musangoti yavi. Awuzeni ahedi zisanachitike, ndipo muzilembe mu sikimu ndi mu lesson plan, chifukwa akadutsa pakhonde n'kumva galu akuuwa m'kalasi mwanu aganiza kuti mwayamba bizinesi. Ana osawalipiritsa kalikonse.

Tsiku loyamba filimu osayatsa. Ichi ndiye anthu ambiri amadumpha, chonsecho ndi pamene pagona nkhani. Mwana wa kuno galu amamudziwa mwa mtundu wina. Galu ndi mlonda, amagona panja pafupi ndi khola la nkhuku, amadya mkute ndi gaga, ena ndi osakira, akalowa m'khitchini amalandira chikuni, ukamuona wachilendo akuyenda mozungulira mutu umaganiza za chiwewe n'kutola mwala, ndipo munthu akakuuza kuti galu iwe, kapena ntchewe mwa Chitumbuka, ndewu yayambika. Nde mwana ameneyu mukangomuonetsa bambo wamkulu, pulofesa wathunthu, akukwawa pa kapinga ndi mpira kukamwa kuti aphunzitse galu kutola, aseka mpaka kugwa pa benchi n'kunena kuti azungu mitu sigwira, ndipo filimu yonse aionera ngati nthabwala. Kusekako sikoipa, koma kugwireni ntchito. Ine ndimagawa bolodi pakati, mbali ina ndimalemba galu kwathu, mbali inayo ndimaisiya yopanda kanthu kuti tidzadzaze tikamaonera. Ndimawafunsa m'Chingelezi mayina a agalu akwawo, kumabwera a Tiger, a Bingo, a Simba, a Danger, kenako wina amatchula dzina lija agogo amapatsa galu pofuna kulasa neba, ngati Mundinenera, ndiye ndimati chabwino tatiuza m'Chingelezi chifukwa chake anamutcha choncho. Mwana woti chaka chonse sanakwezepo mkono amavutikira chiganizo mpaka chituluke chifukwa nkhaniyo ndi yake. Mwambi uja wakuti galu wamkota sakandira pachabe ndimawapatsa kuti aufotokoze tanthauzo lake m'Chingelezi, osati kumasulira liwu ndi liwu, ndipo timadzaubwereranso kutsogolo.

Chachiwiri choti mukonze tsiku lomwelo ndi sitima. Kumpoto kuno kulibe njanji, njanji yathu imathera cha ku Salima, Lilongwe, Mchinji ndi kummwera uko, moti nditafunsa amene anakwerapo sitima ya pamtunda anakweza mkono mwana mmodzi yekha amene anakhalako ku Balaka, ena amati sitima ndi Ilala ya ku Nkhata Bay. Zoti munthu amakwera sitima tsiku ndi tsiku kupita kuntchito n'kubwera pa nthawi yomweyomweyo kwa iwo ndi zachilendo, ife tinazolowera minibasi yonyamuka ikadzadza. Koma filimu yonse yatsamira pa 5 koloko imeneyi. Ndimawauza ayerekeze depoti ya mabasi mtauni muja, koma basi yake yofika 5 koloko ndendende tsiku lililonse, amaseka kuti Madamu imeneyo ndi nthano, koma amamva. Apa mpamene ndimalowetsa mawu ochepa, asapitirire khumi ndi awiri, monga platform, commute, stray, fetch, collar, loyal, grief, vendor. Ndipo muwachenjeze za hot dog. Mufilimumo muli bambo wina, Jasjeet, wogulitsa khofi ndi ma hot dog panja pa siteshoni, ine ndinaiwala kufotokoza, mtsikana wina anadzuka nkhope ili gwa n'kufunsa kuti Madamu ndiye kuti akudyetsa galu nyama ya galu mnzake? Kkkk ndi soseji ya m'buledi chabe anthuni, koma tinataya mphindi zisanu.

Tsopano kudula kwake. Piriyodi yathu ndi mphindi 40, ndiye ine sindionetsa kupitirira mphindi 20 kapena 25 pa tsiku, zotsalazo ndi zolankhula ndi kulemba. Ndimadula potsata nkhani osati wotchi.

Chigawo choyamba chimayambira m'kalasi momwe mdzukulu wa pulofesa, Ronnie, akuuza anzake za ngwazi yake n'kulemba dzina la galu pabolodi anzake n'kumuseka, mpaka pamene mayi a m'nyumba, Cate, amene poyamba samamufuna galuyo m'pang'ono pomwe, afewa mtima. Musanayatse lembani mafunso atatu okha pabolodi, osati khumi, akachuluka ana amangoyang'ana m'kope osaona filimu. Ine ndimafunsa kuti akusimba nkhaniyi ndani, galu anafika bwanji pa siteshoni, ndipo n'chiyani chinasintha maganizo a mayiwo. Funso loyambalo likupatsani mpata wophunzitsa narrator ndi flashback popanda kulemba manotsi atsamba lonse, ndipo mawu amenewa adzawafuna ku Literature. Muli kachigawo kena mnzake wa pulofesa, Ken, wa ku Japan, akuwerenga chilembo cha pa kalamba ka m'khosi mwa galu n'kunena kuti ndi hachi, kutanthauza 8 m'Chijapani. Imitsani pamenepo, muwafunse kuti dzina la galuyu likusiyana bwanji ndi a Danger athu aja.

Chigawo chachiwiri ndi cha chizolowezi, galu kukumba pansi pa mpanda kuti atsatire mbuye wake, kuperekeza, kubwerera, kukadikira, nyengo kusintha. Apa ndi pamene ndimachita chinthu chimene ndimachikonda kuposa zonse, kutseka mawu. Ndimasankha kachigawo ka mphindi ziwiri, ndimatsitsa voliyumu mpaka zii, ana amakhala awiriawiri, wina wayang'ana ku chithunzi wina wafulatira, woyang'anayo azimuuza mnzakeyo m'Chingelezi zimene zikuchitika pompopompo. Kalasi imasanduka msika wa Taifa, phokoso lake losasimbika, koma mukamayenda pakati pa madesiki mumva he is running, he is digging, the man is opening the gate, present continuous ikutuluka yokha popanda kuikakamiza. Akalowetsa Chitumbuka musakalipe, ingodutsani n'kumuponyera liwu limene lamusowalo. Kenako asinthane. Pomaliza wofulatira uja alembe zimene wamva mu past tense, ndiye timaonera limodzi ndi mawu kuti aone zimene mnzake anamunamiza. Kachigawo ka kanyimbi wa ku America uja, skunk, amene akuwapopera fungo galu ndi mbuye wake yemwe, kamachita bwino kwambiri pa sewero limeneli poti ana kanyimbi amamudziwa.

Chinanso choti muwaonetse m'chigawo chimenechi, pali malo ena chithunzi chimasintha, mitundu imazimiririka kukhala ngati yakuda ndi yoyera ndipo kamera imatsika pansi kufupi ndi dothi. Ulendo woyamba ana anakuwa kuti Madamu pulojekita yawonongeka. Siinawonongeke, pamenepo tikuona ndi maso a galu. Musawauze msanga, afunseni kuti akuganiza kuti n'chifukwa chiyani, pamapezeka mmodzi wozindikira, ndipo akazindikira yekha point of view simudzaiphunzitsanso kachiwiri. Homuweki ya tsiku limenelo ndi ndime imodzi, iwe ndiwe Hachi, fotokoza m'mawa wako. Galamala yake ndi used to ndi would, zinthu zochitika mobwerezabwereza kale.

Chigawo chachitatu ndi chimene muyenera kusamala nacho, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Kuyambira ali kamwana galuyu amakana kutola mpira, amuponyere chotani amangomuyang'ana mbuye wakeyo ngati akuti katoleni nokha, ndipo Ken anali atanena kale kuti agalu a mtundu wa Akita sachita zinthu pongofuna kusangalatsa munthu, akadzatola padzakhala chifukwa. Ndiye m'mawa wa tsiku lomaliza galu akuvuta, akuuwa, sakufuna kuperekeza, kenako akutenga mpira uja kukamwa n'kuthamangira ku siteshoni, ndipo kwa nthawi yoyamba akutola. Pulofesa akusangalala ngati mwana, akuuza aliyense pa siteshoni, n'kukwera sitima. Imitsani pompo. Osapitiriza. Afunseni kuti chichitike n'chiyani ndipo umboni wawo ndi uti, aliyense alembe chiganizo chimodzi chokhala ndi might kapena I think that, mutolere timapepalato. Apa mpamene mwambi wa galu wamkota uja umabwerera wokha, chaka chatha mnyamata wina wa kumbuyo anangoufuula osafunsidwa, ine ndinangolemba foreshadowing pabolodi n'kumuuza kuti zimene wanenazo dzina lake ndi ili.

Koma musanayatse zotsatirazo kumbukirani kuti m'kalasi mwanumo muli ana amasiye, ena bambo awo anachoka m'mawa bwinobwino osabweranso, ngozi ya pamsewu kapena kugwa mwadzidzidzi chimodzimodzi. Ine ndimanena poyera kuti kutsogoloku kuli maliro, amene aone kuti zamulemera atuluke mwakachetechete akakhale pakhonde, sindimufunsa kanthu. Chaka china sindinanene, mtsikana wina anatuluka akuthamanga ndipo ndinamupeza kuseri kwa kalasi akunjenjemera, bambo ake anali atamwalira teremu yapitayo ine osadziwa, mpaka lero zimandiwawa. Ndiponso muyang'anire oseka anzawo. Anyamata ena amabisa misozi ndi phokoso. Ndikukumbuka wina wamtali, wovuta kalasi yonse, kunja kukuzizira kwa mu July kuja, anakokera juzi kumutu mpaka kungotsala maso, akuti Madamu ndi chimfine, mphuno ili fwe fwe. Ndinangomusiya ndi chimfine chakecho. Tsiku limeneli musapereke galamala yambiri, ingowapatsani mphindi khumi alembe chilichonse chimene akumva, ndipo osachonga ndi cholembera chofiira.

Chigawo chomaliza ndi cha kudikira. Mayi aja akugulitsa nyumba n'kusamuka, mwana wawo wamkazi Andy akumutenga galu koma galu akuthawa kubwerera ku siteshoni, akugona pansi pa mabogi akale, anthu a pa siteshoni akumamupatsa chakudya, mtolankhani akulemba nkhani yake anthu n'kuyamba kutumiza ndalama, ndipo patapita zaka khumi mayi aja akubwera kudzaona manda a amuna awo n'kumupeza galu atakalamba, ubweya uli mbuu, adakali pamalo pomwe paja. Apa for ndi since zimalowa ngati mpeni m'papaya, he has been waiting for ten years, he has been waiting since his master died, chinthu chimene ana amasokoneza chaka ndi chaka. Conditional yachitatu nayonso, if the professor had not died, amalize okha. Reported speech mutenge pa zimene mtolankhani akufunsa, imitsani pakatha chiganizo chimodzi, iwo asandutse. Musatenge zonse zitatu tsiku limodzi, sankhani chimene kalasi yanu ikudwala.

Filimu ikatha ana amafunsa funso limodzi, Madamu zinachitikadi? Apa ndiye muli ndi chuma china. Inde zinachitika koma osati ku America. Filimuyi anaijambulira ku Rhode Island, siteshoni yake ndi ya mtauni ya Woonsocket, koma galu weniweni anali wa ku Japan, Hachikō, wobadwa mu November 1923 kufupi ndi Odate m'chigawo cha Akita. Mbuye wake anali Hidesaburō Ueno, pulofesa wa zaulimi pa yunivesite ya Tokyo, osati wa nyimbo, ndipo anamwalira ali kuntchito pa 21 May 1925 mtsempha wa magazi utaphulika m'mutu. Chimene chimawadabwitsa ana, ndi ine ndemwe, n'choti awiriwa anakhala limodzi chaka chimodzi ndi miyezi yochepa chabe, koma galuyo anapitiriza kubwera pa siteshoni ya Shibuya kwa zaka pafupifupi khumi mpaka anafa pa 8 March 1935. Poyamba sikuti anthu amamukonda, ena amamuthamangitsa ngati mmene ife tingachitire, zinasintha mu 1932 nyuzipepala ya Asahi Shimbun italemba za iye. Mu 1934 anamuumbira chiboliboli cha mkuwa iye mwini ali moyo ndipo analipo pochivundukula, nthawi ya nkhondo yachiwiri anachisungunula kufuna chitsulo, china anaika mu 1948 ndipo chilipo mpaka pano, anthu ku Tokyo amapangana kukumana pamenepo ngati mmene ife timanenera kuti tipezane pa Shoprite. Ku Japan anali atapanga kale filimu yawo ya nkhaniyi mu 1987, ya 2009 inatengera imeneyo.

Ine zimenezi ndimazilemba ndekha m'Chingelezi chosavuta, ndime zinayi, n'kuchulukitsa mapepala okwana mmodzi pa ana atatu poti ndalama ya fotokope mukuidziwa, ndiye imakhala passage ya note making ndi summary. Ili ndi zaka, mayina, ndondomeko ya zochitika, zonse zofunika kuti mwana aphunzire kupeza mutu, timitu ting'onoting'ono ndi kufupikitsa mawu. Kenako ajambule tebulo la mbali ziwiri, za mufilimu ndi zenizeni, n'kulemba ziganizo zokhala ndi whereas ndi while. Ndiye pofika apa amene amati filimu n'kutaya nthawi poti MANEB safunsa za galu ameneyu mumangomuonetsa makope, zoona Hachi sabwera pa mayeso, koma note making imabwera, kalata imabwera, lipoti ndi sipitchi zimabwera.

Dibeti musaisiye. Mutu wake ndimautenga pa kanthu kena ka m'mbiri yeniyeniyo, galuyu atafa anamung'amba ndipo m'mimba mwake anapezamo timitengo totungira nyama yootcha, kanyenya wa nkhuku wa ku Japan uja amati yakitori, ndipo alipo anthu amene amati galuyo chimene amabwerera pa siteshoni ndi chakudya chimene amapatsidwa osati chikondi. Mukangonena zimenezi kalasi imagawikana yokha. Ena amakwiya ngati mwawatukwanira m'bale wawo, ena makamaka anyamata oweta agalu amati eya Madamu galu amatsata pamene pali fungo la nyama basi. Mbali iliyonse ipereke umboni wochokera mufilimu kapena mu passage, osati kungokuwa. Ine maganizo anga ndi oti kanyenya yekha sangakhazike galu pamalo amodzi zaka zonsezo, makamaka zaka zoyamba zija anthu akumuthamangitsa, koma sindiwauza mpaka atamaliza, ndipo mbali ya kanyenya ikatsutsa bwino ndimaipatsa mapointi ake. Dibeti ina imene inabuka yokha chaka chatha ndi yoti kodi Andy analakwa kumutsegulira geti galu kuti azipita, mtsikana wina anati kwathu kuno chiweto cha malemu sichitayidwa chonchija, achibale akanakhala pansi. Imeneyo inali bwino kuposa yanga ndipo chaka chino ndaiba.

Ntchito yomaliza yolemba ndimapereka mitu itatu asankhe umodzi. Kalata yochokera kwa wogulitsa khofi uja kupita kwa mayi amasiye kuwauza mmene galu akukhalira, lipoti la mtolankhani, kapena sipitchi ya ngwazi yanga ngati mmene anachitira mdzukulu uja koma ya munthu kapena chiweto cha kwawo. Wachitatuwu ndi umene umabweretsa zinthu, mudzawerenga za agogo oyenda wapansi kuchokera ku Ekwendeni kudzapereka fizi, za mlongo wogulitsa nthochi ndi chinangwa kuti mng'ono wake aphunzire, za galu wina amene anagona pamanda a mwini wake masiku atatu kumudzi ku Mzimba, kaya n'zoona kaya wakometsera ine sindifufuza. Pochonga makope 78 musadziphe, uzani ana pasadakhale kuti ulendo uno mukuyang'ana zinthu ziwiri zokha, mwachitsanzo ma tense ndi kagawidwe ka ndime, zina muzisiye dala. Asinthane makope kaye achongerane ndi pensulo musanatolere, zolakwa zopusa zija zimathera pamenepo.

Kanthu kena kakang'ono, ma subtitle. Chigawo choyamba ndi chachiwiri ndimawasiya, kuyambira chachitatu ndimawachotsa poti khutu lazolowera kale kalankhulidwe ka anthuwo ndipo zokamba zachepa. Ana amadandaula mphindi ziwiri kenako amaiwala. Ndipo mbali ija ya bolodi tinaisiya yopanda kanthu tsiku loyamba muzikumbuka kuidzadza tsiku lililonse pang'onopang'ono, ine ndinasamutsira pa pepala lalikulu la tchati chifukwa a masamu akalowa amafufuta chilichonse osafunsa.

Ngati pulojekita palibiretu, zimathekabe ndi laputopu ndi sipika, kungoti mugawe kalasi magulu atatu, gulu lina likuonera kutsogolo ena akulemba ntchito ya dzulo, n'kumasinthana, zimatenga nthawi yaitali ndipo oonera kachitatu amakhala atauzidwa kale zonse ndi anzawo pa buleki, ndiye chigawo cha mpira chija chokhacho yesetsani kuti onse aonere limodzi ngakhale mothithikana, aafupi pansi aatali kumbuyo. Ekisitenshoni mubweretse yanu ya kunyumba, ya sukulu nthawi zonse imakhala ili ndi wina.